MBATATA YOUMA NDI MASIKU A NJALA

Nkhani ya usiku uno iri ya cakudya cosunga, ndipo ilinga makamaka kwa amuna a ku migodi ndi mabanja onse okhala m'makomboni a m'tauni, amene kwao kuli ku Chipata, ku Katete, ku Chadiza ndi midzi yozungulira.

February ndiwo mwezi umene Angoni asonkhana pa Mtenguleni kucita Nc'wala, pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni alawa zakudya zoyamba za m'munda. Koma m'caka ca 2024 mwezi womwewo unatha ndi mau ena. Pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cirala cimene cinagwa ndico tsoka la dziko lonse. Mvula inali itadula masabata 5, panthawi yeniyeni imene cimanga cimasula ndi kufuna madzi koposa. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa cimanga, pafupi 1 miliyoni anapserera, ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, a Kum'mawa ali pomwepo. Pokolola, dziko linapeza matani pafupi 1.5 miliyoni, pamene caka ca 2023 linapeza oposa 3 miliyoni.

Munthu wa m'tauni njalayo inamlowera pa makomo awiri. Khomo loyamba linali la ufa. Mtengo unakwera m'sitolo, ndipo thumba lija amai ace ankatumiza pa basi kucokera kumudzi silinafike; cimene cinafika ndi uthenga wopempha ndarama. Khomo laciwiri linali la magetsi. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba kotero kuti makina anasowa cowazunguza, ndipo pofika September nyumba zambiri zinali kukhala mumdima maora 21 pa tsiku. Furiji, imene mwini wace anagula ndi malipiro a miyezi ingapo, inasanduka kabati wamba, ndipo nyama ndi nsomba zinabvundira momwemo. Onse anathamangira ku mbaula, makala nakwera mtengo nawonso. Caka cotsatira mvula inagwa bwino, cimanga cinacuruka, ndipo ambiri anaiwala msanga. Koma akuru anati cakudza siciimba ng'oma. Cirala ca 1992 cinafika momwemo, ndi njala ya 2002 momwemonso.

Tsono funso ndi ili: kodi munthu wokhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, wopanda nkhokwe ndi wopanda munda, angasunge cakudya cotani cimene sicifuna furiji, ndipo sicidya makala ambiri pophika?

Ku America kuli anthu amene anzao awacha preppers, ndiko kunena okonzekeratu. Anthuwa aopa nkhondo, mphepo za mkuntho, cigumula, kapena tsiku limene masitolo adzakhala opanda kanthu, ndipo cifukwa cace adzaza zitini za cakudya m'zipinda za pansi pa nyumba zao. Ena a iwo asekedwa, pakuti caka ndi caka ayembekeza kutha kwa dziko, dziko osatha. Koma ambiri ndi anthu anzeru zao, amene anaonapo mphepo ikugwetsa mitengo ya magetsi, mudzi wonse nukhala sabata wopanda pogula buledi. Mpingo wa Latter-day Saints, umene likuru lace liri ku Salt Lake City, wakhala zaka zambiri ukuphunzitsa anthu ace kusunga cakudya m'nyumba. Pa mndandanda wace wa zakudya zokhoza kukhala zaka 30 pali tirigu, mpunga woyera, nyemba, shuga, ndiponso cinthu cimodzi cimene cingadabwitse womvera wa kuno: mbatatesi yophikaphika, yofinyidwa ndi kuumitsidwa. Mbatatesi ndiyo ija ena acha kacewere.

Kapangidwe kace nkotere. Mbatatesi yaiwisi iri madzi okhaokha. Mwa magawo 5 a kulemera kwace, magawo 4 ndi madzi, ndipo madziwo ndiwo aibvunditsa. Ku fakitale aisenda, naidula, naiphika pang'ono, naiziziritsa, naiphikanso ndi nthunzi kufikira itafewa. Akatero aifinya ikhale ngati phala lolimba, ndi kuipaka pa mgolo waukuru wacitsulo wozungulira, umene m'kati mwace muli nthunzi yotentha. Mgolowo usanathe kuzungulira kamodzi phala lija lauma kale, lopyapyala ngati pepala. Mpeni wautali ulipala, ndipo makina aliphwanya likhale timamba tating'ono. Makilogalamu pafupi 6 a mbatatesi yaiwisi apereka kilogalamu 1 ya timambato. Wofuna kudya angothira madzi otentha ndi kutakasa, ndipo mphindi ziwiri zisanathe cakudya ciri m'mbale.

Nzeruyi inakula ndi nkhondo. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, kuyambira 1939 kufikira 1945, kunali kobvuta kunyamula mbatatesi yaiwisi pa zombo, popeza kunali kunyamula madzi kuoloka nawo nyanja. J. R. Simplot wa ku Idaho analemera ndi kugulitsa mbatatesi ndi anyezi wouma kwa asilikari a America. Asilikariwo anadya, koma sanayamike konse, cifukwa ufa wa masiku amenewo unali kumata ngati ulimbo ukathiridwa madzi. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri awiri a Boma la America, James Cording ndi Miles Willard, ogwira nchito pafupi ndi Philadelphia, anakonza njira ya mgolo ija. Ndipo ku Canada Edward Asselbergs analandira cikalata ca umwini wa njira yace m'zaka za m'ma 1960. M'zaka zimenezi cakudyaci cinafala m'masitolo.

Koma Azungu sindiwo anayamba. Kwao kweni kweni kwa mbatatesi ndi ku mapiri a Andes, m'maiko amene lero achedwa Peru ndi Bolivia, ndipo anthu a kumeneko anadziwa kuiumitsa zaka mazana ambiri Mzungu asanapondeko. Dziko lao liri kum'mwera monga Zambia, kotero kuti cisanu cao cifika June ndi July monganso kuno. Kungoti kumapiriko usiku madzi aundana ngati mwala, masana dzuwa niliwala kolimba. Tsono iwo ayala mbatatesi pabwalo igone pa cisanu, ndipo kukaca aiponda ndi mapazi kufinya madzi, naisiya padzuwa. Acita cotero masiku angapo, kufikira itauma gwa ndi kupepuka. Dzina lace ndi chuño, ndipo ikhala zaka osaonongeka. Mafumu a Inca anamanga nkhokwe za miyala m'mbali mwa miseu yao yonse, nasungamo cakudyaci kuti adyetse asilikari, ndi anthu onse pa caka ca njala.

Apa pali mau oyenera kuwamvetsa amuna a ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Chingola. M'caka ca 1545 kunapezeka siliva pa phiri la Potosí, ndipo Aspanya anakakamiza anthu zikwi zambiri a dzikolo kulowa pansi kukakumba. Phirilo liri pamalo okwera ndi ozizira, posamera dzinthu. Cimene cinadyetsa okumbawo ndi chuño yemwe uja, wonyamulidwa kucokera kumidzi. Ndipo olemba mbiri a masiku amenewo anasimba za Aspanya amene anabwerera kwao olemera, osakumbako siliva ndi tsiku limodzi lomwe, koma pongogula mbatatesi youma kumidzi ndi kuigulitsa ku mgodi. Nzeru inali ya amai a kumudzi, njala inali ya wokumba, phindu linali la munthu wa pakati. Amene anagulapo thumba la ufa mu 2024 sasowa womtanthauzira.

Ku Ireland kunacitika zosiyana. Anthu osauka a dzikolo anadalira mbatatesi yokha, koma dziko lao ndi la mvula ndi nkhungu, losayanikika kanthu. Anali kuikwirira m'maenje, ndipo inali kukhala miyezi, koma caka sinali kufikitsa. Cifukwa cace m'miyezi ya July ndi August, yakale itatha yatsopano isanakhwime, anali kugona ndi njala caka ndi caka, monga January ndi February wa kuno. Pamene nthenda inagwa m'minda mu 1845 ndi zaka zotsatira, panalibe ca caka catha cotsamirapo. Anthu pafupi 1 miliyoni anafa, ndi ena 1 miliyoni anathawa m'dzikomo.

Nanga banja la ku Kapata kapena ku Chamboli liyenera kuthamangira ku sitolo yaikuru kukagula mapaketi a mbatatesi ya Azunguyo? Ubwino wace ulipo, ndipo suyenera kubisika. Sifuna moto wambiri. Madzi a m'ketulo akwanira, ndipo pa caka cimene makala adula ici sicinthu caching'ono. Iri yofewa, yoyenera wodwala, nkhalamba yopanda mano, ndi mwana woyamba kudya. Iri yopepukanso kunyamula. Koma zobvuta zace ziposa. Mtengo wace pa kilogalamu uposa wa ufa kutalitali, cifukwa yadutsa m'makina ndi m'manja ambiri. Zaka 30 zija ndi za m'citini cotsekedwa ndi makina, cocotsedwa mpweya, cokhala m'cipinda cozizira. Paketi ya m'sitolo tsiku lace lotha lalembedwa pambali, ndipo ikatsegulidwa m'nyumba ya malata m'mwezi wa October siicedwa kusintha pfungo. Imene anaisakaniza kale ndi mkaka kapena mafuta ndiyo iyamba kuonongeka. Ndiponso sikhalitsa m'mimba. Mwamuna woturuka pansi pa mgodi atagwira maora 8 akapatsidwa mbale ya phala loyera lotere adzadya, nasamba m'manja, nafunsa kuti nsima ipsa liti. Wokhala ndi ndarama zapadera angasunge mapaketi awiri atatu cifukwa ca wodwala, koma banja lonse silingaime pamenepo.

Cimene ciri ndi phindu m'nkhani ya Azunguyi ndi mfundo yace: cotsa madzi, tseka mpweya, ndipo cakudya ca muzu cikhala nthawi yaitali. Mfundoyo agogo a Kum'mawa anaidziwa, ndipo mbatata yao iri pafupi. Ndiyo kandolo.

Yense woyenda pa mseu waukuru wa Kum'mawa m'miyezi ya May, June ndi July aona miyulu ya kandolo m'mphepete mwa njira, ndi amai oimika magalimoto ndi manja. Pa misika ya m'Chipata nthawi imeneyo ogulitsa acuruka kuposa ogula, ndipo madzulo mtengo ugwa, pakuti palibe afuna kubwerera ndi katundu kumudzi. Koma pofika November kandolo wasowa, ndipo mu January, pamene njala yafika pacimake, sapezeka konse. Wambiri sanadyedwe, anabvunda, kapena anafumbwa m'nthaka momwemo. Nankafumbwe wa kandolo alowa pa ming'alu ya mizere dothi likauma, ndipo muzu umene waboola uwawa kotero kuti ngakhale mwana wanjala aulabvula.

Komabe mbeuyi iri ndi ukoma umene cimanga ciribe. Cimanga ciri ndi masabata ace owerengeka a kumasula. Mvula ikadula pamenepo, zatha, ngakhale igwe yambiri bwanji pambuyo pace. Kandolo afota masamba, nadikira, ndipo mvula ikabweranso apitiriza kukula. Abzalidwa mocedwa, safuna feteleza wambiri, ndipo masamba ace, kholowa, ali ndiwo pa nthawi imene muzu ukali kukula. Cobvuta cace ndi mbeu, popeza mphesi zace ziyenera kusungidwa zamoyo m'dimba malimwe onse. Ndipo banja lopanda dimba liyamba dzinja ndi kupempha.

Njira yoyamba yosungira ndiyo nkhuti. Akumba dzenje pamthunzi, pamalo osafika madzi, nayalamo udzu wouma, naikamo kandolo wosankhika wopanda bala, nawaza phulusa, natseka ndi kumangapo kadenga. Nkhuti yabwino isunga miyezi ingapo. Koma muzu uli m'nkhutimo ukali wamoyo: upuma, umera, ndipo umodzi ukabvunda upatsira anzace. Ndiponso nkhuti siikwera basi kupita ku Ndola.

Njira yaciwiri ndiyo kuyanika, ndipo apa mpofunika kufotokoza bwino. Awemba acha kandolo wouma insemwa. M'Cinyanja ati makaka, dzina lomwe lija achanso cinangwa couma. Nyengo yace ndi June, July ndi August, pamene kumwamba kuli mbee, mphepo iri youma, ndipo kandolo ali wochipa. Kayanikidwe kali pawiri. Ena atsuka kandolo waiwisi, namsenda, namlenga mopyapyala, osaposa theka la cala kucindikala, ndi kumyala padzuwa pomwepo. Akacedwa kuyala, makaka ada. Ena ayamba amphika, koma osati kufikira aphwanyike, namleka azizire, namsenda, namlenga. Wophikayu atenga masiku ambiri kuuma, koma atseketsera, ndipo ana amtafuna monga momwe ali popita ku sukulu. Iyeyu ndiye mbale wace weni weni wa mbatatesi ya m'paketi ija, pakuti onse awiri anapsa kale asanaume, ndipo pa tsiku lakudya afuna moto wocepa.

Kuyanika pansi, pa bwalo losesa kapena m'mphepete mwa tala, ndiko kuononga nchito. Pansi pali pfumbi, nkhuku, mbuzi, ndi cinyezi cokwera m'nthaka usiku. Thandala lofika m'cuuno, loyalidwa mphasa kapena bango, lilola mphepo kupita pansi ndi pamwamba. Makaka ayalidwe mosasanjikiza, atembenuzidwe masana, ndipo madzulo alowe m'nyumba kuopa mame. Kuuma kwace sakuyesa ndi maso kapena ndi kuwerenga masiku. Waiwisi akauma athyoka ndi kulira, ndipo m'kati mwace muli mbuu ngati ufa. Wophika alimba kotero kuti cikhadabo sicilowa. Amene apindika cabe asanathyoke, kapena azizira m'manja, abwerere pa thandala, ngakhale basi inyamuke mawa.

Pophika, makaka abviikidwa m'madzi maora angapo, naphikidwa pang'ono, ndipo akathiridwa nsinjiro za nshawa ndi kamcere asanduka futali, cakudya cimene sicifuna shuga, mafuta kapena ndiwo. A kandolo waiwisi asinjidwa mumtondo kapena kupita nawo ku cigayo, ufa wace nusakanizidwa ndi wa cimanga kuti thumba litalike masiku. Kunena zoona nsima yotere itseketsera pang'ono, ndipo si onse aikonda. Ufawo ukoma koposa m'phala la m'mawa ndi m'zitumbuwa. Koma banja likadya futali m'mawa ndi masana, nsima ya madzulo itsala yeniyeni, ndipo bambo wa nyumba sadandaula.

Masamu ace ndi awa. Kandolo ali ndi madzi ocepa kuposa mbatatesi, pafupi magawo 7 mwa 10, kotero kuti makilogalamu 3 kapena 4 apereka kilogalamu 1 ya makaka. Kilogalamu imeneyo ipatsa thupi mphamvu yofanana pafupifupi ndi kilogalamu ya ufa wa cimanga. Banja la anthu 5 litha matumba 2 a ufa, a makilogalamu 25 limodzi, pa mwezi. Cotero makilogalamu 25 a makaka aimira cakudya ca theka la mwezi, ndipo kuti apezeke pafunika kandolo waiwisi makilogalamu 90 kapena 100. Theka la mwezi lioneka lochepa pa pepala, koma amene anadikirapo malipiro ocedwa adziwa utali wace. Cosowa m'makaka ndi cakudya comanga thupi, cimene mwa iwo ciri cocepa kuposa m'cimanga. Cifukwa cace asungidwe pamodzi ndi nyemba, khobwe, kapena nshawa yosasenda, imene dziko la Chipata lidziwika nayo kuyambira kale, ndi imene akatswiri a pa Msekera akhala akuikonza mitundu yace. Mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya, umene agogo ankamanga m'cikwatu ca masamba a msuku ndi kupacika pamwamba pa moto, utsiriza mbaleyo.

Pali cenjezo limodzi la kandolo wofiira m'kati, uja alangizi a zaulimi akhala akufalitsa Kum'mawa cifukwa ca vitamini A wothandiza maso ndi thanzi la ana. Nchito yofalitsa mtunduwu m'Afrika inalemekezedwa mu 2016, pamene Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low analandira mphotho ya World Food Prize pamodzi ndi Howarth Bouis. Koma vitaminiyo sakhalitsa m'makaka. Mpweya ndi kutentha zimdya, ndipo pakapita miyezi yowerengeka gawo lalikuru latha, ngakhale cakudyaco cikali cabwino kukhutitsa. Mai wanzeru apatsa ana wofiirayo akali wamuwisi wa kumunda, nayanika woyera. Ndipo ngati wayanika wofiira, ayamba kudya ameneyo.

Adani a cakudya couma ali awiri, ndipo woyamba ndi cuku. Cakudya cosauma bwino cikatsekeredwa m'thumba cimera nkhungu, ndipo nkhungu zina, makamaka za m'cimanga ndi m'nshawa, zipanga ululu umene madokotala acha aflatoxin. Ululuwu suphedwa ndi moto; uononga ciwindi, nupinimbiritsa ana. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa nawo atadya cimanga cosungidwa cacinyezi. Kuno ku Zambia, mu August 2024, Nduna ya za Umoyo, a Elijah Muchima, inanena kuti agalu pafupi 400 anafa m'mwezi umodzi atadya cakudya ca cimanga coipa, ndi kuti mwa zoyesa 25 zotengedwa ku zigayo zazikuru, pafupi theka zinapezeka ndi ululuwo wopitirira muyeso. Cotero makaka kapena nshawa zoturutsa pfungo la cinyezi, kapena zooneka zobiriwira ndi zakuda, nzotaya, ndipo kutaya kwace si kupatsa nkhuku kapena kufululira mowa.

Mdani waciwiri ndi kacirombo. Anankafumbwe wamba anthu awadziwa kuyambira makolo, koma pali wina wamkuru, mlendo wocokera ku Central America, amene anaoneka koyamba ku Tabora m'dziko la Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, nalowa m'Zambia ndi m'Malawi m'zaka za m'ma 1990. Ameneyu aboola cimanga ca m'makoko, cinangwa couma, ngakhale mitengo ya nkhokwe, nasiya pfumbi lokhalokha. Agogo amene anaphunzitsa kusunga makaka m'dengu kapena m'thumba la ciguduli sanamuone mdani ameneyu, ndipo apa njira yao iyenera kuonjezedwa. Kacirombo kali konse kapuma, ndipo kakasowa mpweya kafa popanda mankhwala. Cigubu ca pulasitiki ca malita 20, kapena ndowa ya cibvindikiro cothina, ikatsukidwa ndi kuumitsidwa bwino, nidzazidwa kufikira pakamwa ndi kutsekedwa, icita nchito yomweyo ya citini ca ku America. Cigubu cimene munakhalapo petulo, parafini kapena mankhwala a thonje sicisungamo cakudya, cingatsukidwe kangati. Aliponso matumba ochedwa PICS, amene anakonzedwa ndi akatswiri a pa Purdue University: m'kati muli mapepala awiri a pulasitiki omanga pawokha pawokha, kunja kuli saka wamba. Makaka ali ndi nsonga zakuthwa zokhoza kuboola pepala, kotero kuti kwa iwo cigubu ndi ndowa ziposa. Ciwiyaco cikhale pa thabwa, cosakhudza simenti, ku mbali ya nyumba kosaomba dzuwa.

Nanga bwanji nzeru yapafupi cotere inazirala? Mbali ina ndi manyazi. Pa migodi, kufikira m'zaka za m'ma 1950, wanchito anali kulandira phoso la ufa, nyemba ndi nyama kwa kampani. Pambuyo pace Boma la Kaunda linacepetsa mtengo wa ufa ndi ndarama za mkuwa, ndipo mbadwo wonse unakula uli kuyesa kuti cakudya ndi ufa woyera wa m'thumba, ndi kuti makaka ndiwo cizindikiro ca umphawi. Pamene mkuwa unagwa, ndipo mtengo wa ufa woyera unakwezedwa koposa kawiri mu December 1986, ku migodi kunabuka cipolowe, anthu 15 nafa. Mu June 1990 zinacitikanso ku Lusaka, nafa oposa 20. Nyumba zambiri za m'tauni zinalibe ca mawa, ndipo mtengo wa thumba limodzi unakhoza kugwedeza dziko. Mu 1995 kunakhazikitsidwa lamulo la Food Reserve Agency, nkhokwe ya dziko lonse, ndipo nkhokweyo iri ndi nchito yace. Koma cimanga ca m'nkhokwe ya Boma ciyenera kudutsa pa cigayo, pa lole, pa sitolo ndi pa mzere wautali cisanafike mumphika.

Ndiponso njala ya munthu wa ku mgodi siidikira cirala. Pa sitalaka ya 1955 anchito anakhala masiku 58 osalowa pansi. Mu April 2020 eni ace a Mopani a nthawi imeneyo analengeza kuti aimitsa migodi ya ku Kitwe ndi ku Mufulira, ndipo mabanja zikwi zambiri anagona osadziwa za mwezi wa mawa, kunja mvula itagwa bwino lomwe.

Pali kusiyana kumodzi kumene sikuyenera kuiwalika. Wokonzekeratu wa ku America awerenga pakamwa pa m'nyumba mwace mokha, natseka citseko. Ena asunga ndi mfuti pambali pa zitini. M'komboni zotere sizitheka, ndipo sizifunikanso. Mwana wa mlongo adzafika kudzafuna nchito, apongozi adzabwera kudzaonetsa maso ku cipatala, pa nyumba yoyandikana padzagwa maliro, ndipo cigubu cidzatsegulidwa. Wowerenga anthu 5 awerenge 7. Amai a m'cirimba cimodzi kapena a mumpingo umodzi angathe kusonkha pamodzi, kulipira mtengo umodzi wa katundu pa basi, ndi kugawana zigubu zitafika.

Nchito yeniyeni igwa pa amai ndi alongo a kumudzi, amene adzasenda, nalenga, natembenuza, nathamangitsa mbuzi sabata lonse. Ndipo mwamuna wa m'tauni wotumiza uthenga wakuti "munditumizireko makaka" popanda kanthu m'manja wayesa amai ace fakitale yaulere. Ndarama ipite mu May kapena kumayambiriro a June, kandolo akali wochipa: yogulira kandolo woonjezera, yogulira zigubu, ya basi, ndi ina ya thukuta la woyanikayo. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita pafupi 570, ndipo ku migodi mpatsogolo pace. Kandolo waiwisi afika atasupuka ndi kuyamba kubvunda, pamene makaka afika monga anacokera, ndipo kulemera kwace ndi gawo limodzi mwa 3 kapena 4. Kumudzi kutsalenso gawo, pakuti January wa kumeneko ali wautali kuposa wa m'tauni.

Pa cigubu ciri conse palembedwe mwezi ndi caka. Cimodzi citsegulidwe mu November, mvula isanakhazikike, kuona ngati muli pfumbi la kacirombo kapena pfungo la cinyezi. Ngati makaka afewa cabe popanda cuku, ayalidwe padzuwa tsiku lathunthu, nabwezedwe atazizira. Zotsalazo zikhale zotseka kufikira January. Ngati caka cayenda bwino, banja lidye makaka onse pofika April, zigubu zitsukidwe ndi kuumitsidwa, ndipo zibwerere pa basi ya ku Chipata kandolo watsopano asanakumbidwe.